Nkhope ya Agogo pa Mbale ya Alendo

"Nanga nkhope za amayi awo zili kuti?"

Anafunsa choncho ndi Ndaziona, mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, Loweruka masana titakhala pakhonde. Anali atatsegula buku la mbiri yakale la msuweni wake Mwatitha, yemwe ali Fomu 1, ndipo anapezamo chithunzi cha mwamuna wa ku Roma wakale atanyamula mitu iwiri yosema, umodzi m'dzanja ili, wina m'dzanja ilo. Pansi pake panalembedwa kuti inali mitu ya makolo ake. Yonse iwiri inali ya amuna.

Mwatitha anati m'kalasi sanafike pamenepo. Amake Ndaziona anati afunse bambo ake. Alamu anga, amene sasowa yankho ngakhale pa nkhani ya ndege, anakanda m'mutu n'kuyamba kukamba za mvula. Ine ndinatenga bukulo, ndinawerenga tsambalo ndi lotsatira lake, koma yankho sindinalipeze. Zimene ndinapeza zinangonditentha mtima. Tsono ndinawauza atsikana awiriwo kuti asendere pafupi, ndipo ndinawauza izi.

Pali mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri pakhomo pano. Sindiutchula tsopano, muuzindikira nokha. Ndichenjezeretu: miyambo ya Aroma imene nditchule ili m'mabuku, mukhoza kukafunsa aphunzitsi. Koma anthuwo ndi anga, musakalembe mayina awo pa mayeso. Mwambi umenewu, monga ndikuuonera ine, chiyambi chake chinali chotere.

Mumzinda wa Roma munali bambo wina dzina lake Mamiliyo. Sanali wolemera, sanamenyepo nkhondo, ndipo akayamba kuyankhula pabwalo anzake ankakumbukira mwadzidzidzi kuti kunyumba asiya zochita. Koma akalowa m'nyumba mwake ankasanduka mkango, chifukwa lamulo la kumeneko linkaika zonse m'manja mwa bambo. Mkazi sankasankha atsogoleri, sankakhala pa udindo, ndipo ukwati ukatha ana ankatsala ndi bambo. Mwana wamkazi sankapatsidwa ngakhale dzina lakelake. Ankangotenga la mtundu wa bambo ake. Ana aakazi a Mamiliyo onse awiri anali Mamiliya, ndiye pofuna kusiyanitsa, wamng'onoyo ankamuitana Sekunda, kutanthauza kuti Wachiwiri. Munthu wobadwa bwinobwino, kumuwerenga ngati anapiye.

Chuma chenicheni cha Mamiliyo chinali chimodzi: nkhope ya agogo ake. Kumeneko mwamuna amene anakhalapo pa udindo waukulu ankamuumbira nkhope yake ndi phula la njuchi, ndipo banja linkaisunga m'kabati yamatabwa m'chipinda cholandirira alendo. Mabanja otchuka anali ndi nkhope zodzaza khoma. Mamiliyo anali nayo imodzi yokha, ya agogo ake amene kwa chaka chimodzi anayang'anirapo misika ndi ngalande za mumzinda. Koma mukanamumva akufotokoza, mukanayesa kuti agogowo ndiwo anakumba nyanja.

Amene ankasamala nkhopeyo anali mkazi wake, Opiya. Ankaipukuta fumbi, ankaipaka mafuta, ikang'aluka ankaimata. Mphuno yokha anali ataikonzapo kawiri, mwamuna wake osadziwa.

Tsiku lina, Sekunda ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Mamiliyo anali kuuza alendo kuti agogo ake anamanga ngalande makumi anayi. Opiya, akuthira madzi m'zikho, anangoti, "Amayi anu ankati zinayi, bambo." Alendowo anaseka mpaka wina anatsamwa. Atachoka, Mamiliyo anakokera mkazi wake ndi ana pamaso pa timilungu ta m'nyumba ndi kulumbira.

"Kuyambira lero, mkazi m'nyumba muno ayankhule pokhapokha mwamuna akamufunsa. Woyamba kutsegula pakamwa asanafunsidwe, anyamule nsalu zake abwerere kwawo. Ana ndi anga."

Ndipo iye sanafunsenso kanthu. Akafuna madzi ankalamula. Nsapato ikasowa ankaifuna yekha theka la tsiku, mkazi wake akuiona poteropo ili pansi pa mpando. Kubwalo ankadzitama nazo. "Ine zaka zisanu sindinafunsepo mkazi ngakhale kuti kunja kwacha bwanji," ankatero, akusisita mimba. Opiya anapirira. Mwana wake woyamba anali atakwatiwa kale kutali, sanabwerenso kudzamuona. Akanathamangitsidwa, ndiye kuti Sekunda nayenso wamutaya.

Sekunda atakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, bambo ake anamupezera mwamuna.

"Khumi ndi zitatu? Ngati ine?" anandidula Mwatitha.

Ngati iwe, mwanawe. Lamulo lawo linkalola.

Mwamunayo anali Vetuliyo, nkhalamba imene inali itaika kale akazi atatu m'manda. M'kamwa mwake munatsala mano anayi, ndipo onse anayi ankagwedera akamayankhula. Anali ndi minda yambiri koma kwawo kunalibe nkhope ngakhale imodzi, choncho ankafuna kukwatira m'banja lokhala nayo. Anagwirizana kuti adzabwera ndi mboni ziwiri, adzaona nkhopeyo ndi maso ake, kenako adzatomera mtsikanayo. Kutomera kwa kumeneko kunali kwa mawu. Wofunsira ankafunsa bambo wa mtsikana pamaso pa mboni kuti, "Kodi mukulonjeza?" ndipo bamboyo ankayankha kuti, "Ndikulonjeza." Mawu awiriwo akamveka, nkhani yatha. Mwaona kuti pamafunso amenewa palibe lopita kwa mtsikana.

Tsikulo linafika m'nyengo yotentha kwambiri. Mamiliyo anadzuka ndi nzeru yatsopano. Nyumba za kumeneko zinkakhala ndi chiboo chachikulu padenga la chipinda cha alendo, cholowera kuwala ndi madzi a mvula. Iye anatsegula kabati, anatulutsa agogo ake, ndipo anawakhazika pa chitsa chamwala pansi penipeni pa chiboocho.

"Apa ndiye pabwino," anayankhula yekha. "Akangolowa pakhomo, dzuwa lili pamphumi pa agogo, ng'aning'ani. Aone kuti sakukwatira kwa anthu wamba."

Opiya anali chiimire ndi tsache m'manja. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana phula, ndipo milomo yake inayamba kutseguka yokha.

Mamiliyo anakweza chala. "Ndakufunsa?"

Opiya anatseka pakamwa.

"Ndipo wina asaisunthe. Ndikupita kwa wometa, kenako ndikatenge alendo."

Dzuwa la kumeneko silisiyana ndi lathu la mu Okutobala. Poyamba agogo anaoneka ngati akutuluka thukuta. Kenako nsidze zinatsika, akuoneka ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro. Pofika nthawi yoti dzuwa lili pamutu, mphuno inapendekeka pang'onopang'ono, inatsetsereka kudutsa pakamwa, n'kugwera pansi kuti thapsa.

Mayi ndi mwana, pokhala okha, ankayankhula. Lumbiro lija linkagwira ntchito mwini wake akakhalapo.

"Mayi, asiyeni asungunuke onse," anatero Sekunda. "Nkhalamba ija ikapeza palibe nkhope, ibwerera."

"Ndipo bambo ako akapeza palibe nkhope, adzati walakwa ndani? Iwo?"

"Koma ndi iwo anaika padzuwa."

"Unayamba wawamvapo akunena kuti ndalakwa ndine? Adzati ndawalodza agogo awo. Ine ndidzagona kwathu lero lomwe, iwe adzakupezera nkhalamba ina, ndipo sindidzakhalapo ngakhale kukumanga tsitsi. Tenga mbale."

Sekunda anatenga mbale akulira. Anakokolola agogo onse pamwalapo, masaya, chibwano, mphumi, n'kupita nawo kukhitchini. Pachitsa paja Opiya anavundikirapo mphika ndi kuufunditsa nsalu yoyera, kuti wolowa asaone msanga kuti palibe kanthu.

Phula lina linali litalowerera m'ming'alu ya mwala, choncho lotsalalo linali losakwanira. Opiya anatenga zisa za njuchi zimene anasunga mumtsuko, anafinya uchi mofulumira, ndipo phula latsopanolo, likadali noninoni ndi uchi, analisakaniza ndi la agogo. Analikanda, analigawa timibulu tating'ono kuti lisavute kuumba, anatiwaza ufa kuti tisamatirane, n'kutiyala pa mbale pafupi ndi moto kuti tikhale tofewa. Timibulu tachikasu, tofunda, tonunkhira uchi. Aliyense wongofika akanati ndi timikate ta uchi timene Aroma ankakonda.

"Ola limodzi lokha," anatero Opiya, akusamba m'manja. "Agogo ako ndimawadziwa kuposa mdzukulu wawo. Ndiyambira chibwano."

Ola limenelo sanalipeze. Pakhomo panamveka mawu a Mamiliyo, okwera kuposa masiku onse.

"Lowani, lowani, a Vetuliyo! Samalani pakhomopo, agogo anga anapondapo pamenepo."

Analowa anayi: Mamiliyo, nkhalamba ija ndi ndodo yake, ndi mboni ziwiri, wina wamtali wina wonenepa. Mamiliyo anaona nsalu yoyera ija pachitsa. Munthu wanzeru akanadabwa. Iye anamwetulira.

"Mwaona? Akazi a m'nyumba muno ndinawaphunzitsa. Sindinanene n'komwe, koma aphimba okha kuti tidzavundukule mwaulemu. Tiyambe tadya kaye, agogo sathawa."

Anawakhazika alendo, anaomba m'manja kuitana chakudya, ndipo poona kuti palibe akubwera analowa yekha kukhitchini, nkhope ili gwa.

"Alendo akhala ndi njala, inu muli chiimire ngati mitengo!" Maso ake anagwera pa mbale ija. "Ahaa. Bola pamenepa mwaganiza."

Anainyamula. Sekunda anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Opiya anapita patsogolo phazi limodzi, dzanja lili m'mwamba, ndipo mawu anali atafika kale pammero.

Chala chija chinakwera. "Ndakufunsa?"

Apa ndipamene ine ndimaima ndikamaiganizira nkhaniyi. Opiya akanayankhula, akanapulumutsa nkhope, koma akanathamangitsidwa, ndipo mwana akanapita ndithu kwa nkhalamba. Anayang'ana mbale. Anayang'ana mwana wake, maso ali psuu ndi kulira. Kenako anatsitsa dzanja lija, analipinda pamodzi ndi linzake, naweramitsa mutu.

"Simunandifunse, bambo."

"Ndiye bwerani muime kukhoma, alendo akuoneni kuti muli ndi mwambo."

Anaima kukhoma, mayi ndi mwana, ndipo anaonerera zonse.

Mamiliyo anayamba ndi iye kutenga, monga mwini nyumba. Anasankha kambulu kakakulu koposa, anakaponya m'kamwa. Uchi unatsekemera bwino lomwe. Anatafuna. Uchi unatha. Chotsalacho sichinathe. Anatafunabe, ndipo chinthucho chinkangosintha maonekedwe m'kamwa, osachepa, osamezeka.

"Tengani, a Vetuliyo, musachite manyazi," anatero movutikira. "Zoterezi simungazipeze pamsika."

Nkhalamba inatenga tiwiri nthawi imodzi, poti inali ndi njala. Mboni nazo zinatenga. M'chipindamo munkangomveka nsagwada zinayi zikugwira ntchito ngati ng'ombe zobzikula.

Palibe amene anafuna kukhala woyamba kufunsa. Vetuliyo ankaopa kuti akafunsa aoneka wakumudzi, wosadziwa zakudya za mabanja okhala ndi nkhope. Mboni zinkayang'ana Vetuliyo. Mamiliyo ankadziwa ndithu kuti chinachake chalakwika, ndipo munthu wodziwa yankho anali chiimire mapazi asanu kuchokera pamene iye anakhala. Koma zaka zisanu zodzitama kubwalo azitaye chifukwa cha kamkate? Anatseka maso, anakankha ndi lilime, anameza. Misozi inalengeza.

"Zokoma," anatero. Ndipo pofuna kutsimikiza, anatenganso kena.

"Zolimba mtima," inatero mboni yonenepa, ikufunafuna mawu aulemu. "Zimakhalitsa m'kamwa."

"Ndi mmene timazikondera kuno," anayankha Mamiliyo. "Zofewa n'za akazi."

Mboni yaitali inatulutsa kanthu pakati pa mano ndi kukayang'anitsitsa. "Muli ubweya umu."

"Ndi zokometsera zochokera kutsidya la nyanja," anatero Mamiliyo. Zinali nsidze za agogo ake.

Mbale inafika theka. Vetuliyo anali atasiya kutafuna kalekale. Phula likachoka pamoto limayamba kuuma, ndipo m'kamwa mozizira mwa nkhalamba linagwira mano a m'mwamba ndi a m'munsi n'kuwamanga pamodzi. Anakhala tsonga, masaya ali tuu, maso akuyendayenda.

Mamiliyo anaona kuti zinthu zikhoza kuipa, choncho anafulumiza mwambo. Anaimirira, anakonza nsalu yake paphewa.

"Mboni zilipo. A Vetuliyo, funsani funso lanu."

Sekunda anagwira dzanja la amake. Mawu awiri okha ndiwo anatsala.

Vetuliyo anayesa kutsegula pakamwa. "Mmmm."

"Sitinamve," inatero mboni yaitali. "Mwambo umafuna mawu omveka."

"Mmmm! Mmmm!"

"Kodi akufunsa kapena akudwala?" inafunsa yonenepa.

Nkhalamba inakwiya. Inaika ndodo pansi, inagwira chibwano ndi dzanja limodzi, mphumi ndi linalo, n'kukoka ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'thupi. Pakamwa panatseguka kuti phwa! Chimbulu cha phula chinagwera pamiyendo pake, ndipo pa chimbulucho panali pataima mano atatu, ndondondo ngati mbewu zongomera kumene.

"Mano anga!" inalira nkhalamba, mawu akutuluka ndi mphepo. "Mamiliyo, mano anga!"

"Musadandaule, a Vetuliyo, latsala limodzi, ndipo ndi labwino kwambiri," anatero Mamiliyo, thukuta lili kamukamu. "Taonani kuno, muiwale zowawa. Onani banja limene mukulowamo!"

Anathamangira pachitsa paja, anagwira nsalu, anaikoka mwaulemu wonse. Panaoneka mphika wakuda wophikira nyemba, chafufumimba, uli ndi mng'alu pambali.

Anthu anayang'ana mphikawo nthawi yaitali.

"Agogo anu anali akuda chonchi?" inafunsa mboni yonenepa.

"Makutu ndiye anali nawo aakulu," inatero inzake, ikuloza zogwirira.

Mamiliyo anasuzumira pansi pa mphika. Anasuzumira kuseri kwa chitsa. Anatsegula kabati imene anaikhuthula yekha m'mawa. Anazungulira chipinda chonse, anadutsa pamaso pa mkazi wake kawiri, ndipo kawiri konseko anatembenuzira nkhope kumbali. Ngakhale pamenepa, ana inu, ngakhale pamenepa! Munthu agogo ake asowa, mlendo wagululuka mano, m'mimba mwayamba kulemera ngati wameza mwala, koma kufunsa mkazi ayi.

Amene anafunsa anali Vetuliyo. Ululu unamuchotsera ulemu wonse. Anatembenukira kukhoma, dzanja lili pakamwa.

"Mayi, ndikupemphani. Tadya chiyani?"

Lumbiro lija linkati mkazi ayankhule mwamuna akamufunsa. Silinanene kuti mwamuna wake yekha. Opiya anakonza pakhosi, poti mawu a zaka zisanu satuluka mophweka pamaso pa anthu, ndipo anayankha modekha ngati akufotokoza za nyengo.

"Mwadya agogo, bambo. Amuna anga anawaika padzuwa m'mawa, ndiye anasungunuka. Ndimati ndiwaumbenso, koma mbale inatengedwa ndisanayambe. Inuyo, poona kukula kwa timibulu timene munatenga, mwatafuna tsaya lamanzere ndi chibwano. Bambo aataliwa apeza nsidze. Bambo awa adya mphumi."

"Nanga ine?" Mawuwo anamupulumuka Mamiliyo asanawagwire.

Opiya anamuyang'ana. Linali funso loyamba m'zaka zisanu, ndipo sanafune kulithamangira.

"Inu, bambo, munasankha kakakulu kaja. Munameza mphuno."

Mboni yonenepa inatuluka panja chothamanga, ndipo zimene inakachita kuseri kwa nyumba sindizifotokoza. Vetuliyo anaimirira. Aroma ankaopa malodza kuposa ife. Mbalame ikangouluka mbali yolakwika ankaimitsa msonkhano, ndiye taganizani munthu amene watafuna kholo la eni nyumba pa tsiku lotomera.

"A Vetuliyo, khalani pansi, tikambirane ngati amuna," anachonderera Mamiliyo. "Ndikulonjeza! Mwamva? Ndikulonjeza!"

"Mukulonjeza chiyani, ndani wakufunsani?" inatero mboni yaitali. "Yankho lopanda funso si mwambo."

"Ndipo sindifunsa," anatero Vetuliyo, akutola ndodo ndi dzanja limodzi, chimbulu cha mano ake ndi linalo. "Ndinabwera kudzaona nkhope, mwandionetsa mphika. Ndinabwera ndi mano anayi, ndikubwerera ndi limodzi. Ndipo mtsikanayu ndimukwatira bwanji, agogo ake ali m'mimba mwanga? Usiku uliwonse azidzandifunsa kuti mdzukulu wanga ukumusunga bwanji. Ayi. Tsalani ndi mizimu yanu."

Anatuluka osatsanzika. Sekunda anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, ndipo sankadziwa ngati akuseka kapena akulira.

Vetuliyo atangopita, Mamiliyo anatembenukira mkazi wake, chala chili m'mwamba, kuti amuthamangitse. Koma mboni yaitali inali ikadali pakhomo, ikuchotsa phula m'mano.

"Mumuthamangitsa pa mlandu wanji?" inafunsa. "Ndinalipo. Anayankhula atafunsidwa, ndipo anasiya atamaliza kuyankha. Lumbiro lanu walisunga ndi iyeyu. Ndikakachitira umboni, ndikanena zomwezo, ndi za mphuno zomwe."

Chala chinatsika. Panalinso china chimene Mamiliyo anachizindikira mochedwa. Zaka zonsezo ankaloza nkhope ija kwa alendo, koma sanaiyang'anitsitsepo. Sankadziwa ngati agogo ake anali ndi chibwano chosongoka kapena chobulungira. Munthu yekhayo mu Roma yense amene akanatha kuwaumbanso anali mkazi amene ankawapukuta fumbi.

Anakhala pa mpando, atagwira pamimba. Kenako anayankhula, maso ali pansi.

"Opiya. Kodi ungathe kuwabwezeretsa?"

"Theka ndingathe, bambo, poti latsala pa mbale."

"Nanga theka linalo?"

"Limenelo lili ndi inu ndi anzanu. Tidikire."

Nkhaniyi inafika kubwalo dzuwa lisanalowe, poti mboni yonenepa sinali munthu wosunga chinsinsi. Kwa zaka zingapo palibe mwamuna amene anayerekeza kudzafunsira pakhomo pa Mamiliyo. Ankati kumeneko alendo amawadyetsa makolo. Sekunda anakula ali pafupi ndi amake, ndipo pamene anadzakwatiwa anali munthu wamkulu, wodziwa kukana ndi kuvomera.

Musaganize kuti Roma anasintha chifukwa cha zimenezi. Sanasinthe. M'nyumba yoyandikana nayo mtsikana wina wa zaka khumi ndi zitatu anatomeredwa mwezi womwewo, ndipo kunalibe phula lomupulumutsa. Ichi ndicho chimandipsetsa mtima. Sekunda sanapulumuke chifukwa cha lamulo, kapena chifukwa chakuti wina anamumvera chisoni. Anapulumuka chifukwa bambo ake anali chitsiru chadyera, ndiponso amake anadziwa nthawi yopinda manja. Moyo wa mwana suyenera kudalira mwayi woterowo.

Koma Mamiliyo dzina lake linathera pomwepo. Akamadutsa pamsika, amayi ogulitsa uchi ankamuitana, "Bambo Safunsa, talawani uyu, mulibe wachibale!" Ana ankagwira mphuno zawo akamuona. Ndipo mwamuna aliyense akayamba kudzitama kuti iye mkazi samufunsa kanthu, anzake ankamugwira paphewa n'kumukumbutsa mawu amene anayenda mtunda wautali, sindikudziwa kuti anadzera njira iti, mpaka anafika kwathu kuno:

Safunsa anadya phula.

Tsono inu awiri, ndili ndi pempho. Ine ndine bambo, ndipo pa zambiri zokhudza moyo wanu ndidzakhala ndi mawu, nthawi zina kuposa amene ndiyenera kukhala nawo. Ndidzayesetsa kufunsa, koma ndimadzidziwa, tsiku lina ndidzaiwala. Mukadzandiona ndanyamula mbale yolakwika, musadzadikire kuti ndikufunseni. Mudzandiuze.